Tiyi ndi Chomwera Chake

Achimwene anga ndi ometa. Anayamba kugwira lumo ine ndikadali pa sukulu, ndipo mpaka lero mumsewu wathu wonse palibe dzanja lofanana ndi lawo. Munthu amakhala pampando ali ndi nkhawa zake, iwo n'kumuyendetsa makina m'mutu mofatsa mpaka kuyamba kusinza, kudzadzidzimuka akumusasa tsitsi pakhosi kuti, "Zatha, akulu, tadzioneni." Shopu yawo ndi chipinda chimodzi cha lendi, pakati pa wokonza mafoni ndi sitolo ya penti. Ine ndimaluka tsitsi la amayi m'chipinda chomwecho, kuseri kwa katani. Ndiye musandifunse kuti za achimwene ndimazidziwa bwanji, poti ngakhale akameza malovu ndimamva.

Anthu amawatcha Abwana. Dzinali linabwera ndi mimba. Kamimba katangoyamba kutuluka, makasitomala ankakasisita n'kumati, "Eee, zayamba kuyenda apa, Abwana, mutikumbukireko!" Iwo ankaseka, ifenso tinkaseka, poti kunenepa pang'ono ndani amadana nako? Koma mimba ija sinamve kuti nthabwala yatha. Inakula mpaka inayamba kufika kwa kasitomala manja asanafike. Akati awerame akonze ndevu, mimba yakhudza kale phewa la munthu. Akati azungulire kumbuyo, yagunda mpando. Tsiku lonse mawu anali amodzi: "Pepani. Pepani, akulu. Pepani." Munthu wopepesa kuyambira m'mawa mpaka madzulo asanalakwe kanthu amafota mumtima, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa.

Ntchito yometa ili ndi nkhanza yake: umakhala pamaso pa galasi tsiku lonse. Enafe thupi likatinyansa timangolilambalala galasilo, nanga wometa athawira kuti? Achimwene anagula zithunzi zija zoonetsa kametedwe kosiyanasiyana n'kuzimata m'mbali monse mwa galasi, kungosiya kampata pakati kokwana mutu wa kasitomala. Ankati akukongoletsa shopu. Ine ndinangoti "zakongola", osawonjezerapo.

Chinawamaliza chinali mpando wa pulasitiki. Anapita ku msonkhano wa makolo ku sukulu ya mwana wawo wamkazi, atatchena bwinobwino, n'kukhala kutsogolo. Aphunzitsi aakulu ali mkati molankhula, mpando uja unangoti phwa! miyendo yonse kumwazika. Abambo atatu anachita kuthandizana kuwadzutsa. Ena ankati "pepani" uku mapewa akugwedezeka, ena anabisa nkhope m'zipewa. Mwana wawo anali pamzere wa ophunzira, anangozyolika. Kuyambira tsiku limenelo achimwene sakhala pa chinthu chimene sanachiyese ndi dzanja. Pamene pali anthu ambiri amaima kumbuyo, atatsamira khoma, n'kumanena kuti anazolowera kuima.

Kuimako n'kumenenso kunayamba kuwakana. Maondo anatupa. Akameta anthu awiri ankapita kukagwira sinki n'kumapuma ngati athamanga. Kenako anawapeza ndi matenda a shuga, magazi nawonso akuthamanga. Adokotala, mayi wamng'ono thupi wovala magalasi, sanawabisire mawu: akapitiriza choncho, posachedwa sadzathanso kuima pambuyo pa mpando wawo. Wometa amene sangaime ameta bwanji? Shopu ija ndi imene imadyetsa banja lawo, imaphunzitsa mwana uja, komanso ndi dzina lawo lonse. Njira inatsala imodzi, opaleshoni yochepetsa chifu, kuti munthu azikhuta ndi pang'ono. Anadikira nthawi yaitali kuti awapatse tsiku, ndipo atawapatsa anandiitanira kuseri kwa shopu, pamene pamakhala diramu ya madzi.

"Usauze munthu," anatero. "Akafunsa, uziti zilonda za m'mimba."

"Achimwene, kodi mwaba? Mwapha munthu?"

"Iwe sukudziwa. Anthu ena amakadulidwa chifukwa cha matenda. Ine akandidula chifukwa cha pakamwa."

Ndinafuna kuwakalipira, koma nditaona mmene ankapotera kathaulo m'manja ndinangomeza.

Opaleshoni isanachitike panali lamulo. Adokotala anafotokoza kuti chiwindi chimagona pamwamba pa chifu ngati bulangeti, ndipo mwa munthu wonenepa chimakhala chachikulu, cholemera, chosachedwa kung'ambika. Kuti afike pa chifu amayenera kuchitukula. Choncho kwa masabata angapo munthu amasiya chakudya, n'kumangomwa zamadzimadzi kuti chiwindicho chiphwe. Chikapanda kuphwa, ntchito singagwirike.

Tsiku lokamva malangizowo ndinati ndiwaperekeze, poti makutu anayi amamva bwino kuposa awiri. Anakana. Akazi awo, alamu anga, nawonso anawakaniza kupita nawo.

"Sindine khanda lopita nalo ku sikelo," anatero, n'kunyamuka okha.

Kapepala kamene anawapatsa kumeneko sikanafike kunyumba. Kanali ndi chithunzi cha munthu wa chimimba pachikuto pake, ndiye anaopa kuti wina angakaone mu basi, n'kukaponya m'bini ya pa geti ya chipatala. Anabwera ndi mawu a pakamwa basi. Ine ndinali kunyumba kwawo madzulo amenewo, titakhala pa tebulo ndi alamu anga.

"Ati zakumwa zokhazokha," anatero achimwene. "Msuzi wosefa, mkaka wopanda mafuta, madzi ambiri, tiyi."

"Tiyi alola?" anafunsa alamu.

"Alola."

"Aaa, basi, bambo, simufa."

Tonse tinaseka, ndipo ine ndinanyamuka kupita kwathu mtima uli m'malo.

Alamu angawa ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Amachapa ndi kusita zovala mu hotela ina, ndipo manja awo ndi osupuka ndi sopo. Chikondi chawo sichidziwa kulankhula, chimangodziwa kuphika. Ndiye kunenepa kwa achimwene kunawagweranso iwo. Kale abale ankawayamikira kuti, "Mkazi ndi ameneyu, taonani mmene wamusamalira mwamuna." Zitafika poipa, pakamwa pomwe paja panatembenuka: "Mkazi ameneyu amupha mwana wathu ndi mafuta." Iwo ankangomva, n'kukalirira ku bafa.

Masabata amenewo achimwene anavutika, abale inu. Ankabwera ku ntchito ndi fulasiki ya msuzi ataikulunga m'nyuzipepala ngati ndi kachasu. Kumwera pamaso pa makasitomala sankafuna. Tsiku loyamba analowa kuseri kwa katani kwanga, koma amayi amene ndinkawaluka anayamba kutsinana n'kumasekera m'manja. Mawa lake anasamukira ku diramu ya madzi kuja. Ndinkawapeza ataima moyang'ana khoma, chimunthu chonse chija, akumwa msuzi m'kachivundikiro ka fulasiki, mofulumira, maso ali uku ndi uku ngati wakuba.

Tsidya la msewu pali mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu zake, amene amakazinga tchipisi ndi nyama. Masana mphepo imabweretsa fungo lonse mu shopu mwathu. Kale achimwene anali kasitomala wake wamkulu, ndiye munthu uja ankakuwa ali tsidya lomwelo kuti, "Abwana! Takulakwirani chiyani? Lero ndakusungirani ya mafuta!" Msewu wonse kumva. Achimwene ankangokweza dzanja osacheuka. Wokonza mafoni nayenso, munthu wopanda khalidwe, ankabwera kudzadyera pakhomo pathu, akunyambita zala, n'kumafunsa kuti zilonda zake n'zotani zimene zimagwira munthu wathanzi chonchi. Tsiku lina ndinamutulukira ndi chipeso m'manja, ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo sanadyerenso pakhomo pathu.

Nyama anakana. Tchipisi anakana. Kasitomala wina anabwera ndi mtedza wokazinga, n'kuwathirira m'dzanja mwaulemu, iwo anaugwira kanthawi n'kuubwezera m'pepala wonse osasowapo ndi kamodzi komwe. Ine ndinaona, ndipo misozi inalengeza. Ndinasiya kudyera mu shopu. Ndikamva njala ndinkapita kukadyera mu sitolo ya penti, pakati pa zitini, kuti achimwene asamve kutafuna kwanga.

Tsiku lina masana manja awo anayamba kunjenjemera. Pampando panali Aphunzitsi, bambo wachikulire wopuma pa ntchito, amene wakhala akumetedwa ndi achimwene kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Makina anaterereka n'kucheka khutu. Kabala kake kanali kakang'ono, koma magazi a pa khutu mukuwadziwa, sachedwa kuchita mwano. Anadontha mpaka pa kolala ya malaya oyera. Achimwene anaima kakasi, thonje lili m'manja, pakamwa pakungoti "pepani" osatuluka mawu. Chiyambireni ntchito anali asanachekepo munthu.

"Musadandaule, Abwana," anatero Aphunzitsi. "Khutu limeneli lamva zambiri, lingotulukako magazi oipa."

Anthu anaseka, koma achimwene sanaseke. Anatseka mbali yawo dzuwa likadali pamutu, n'kukakhala pa sitepe ya kuseri. Ndinawatsatira.

"Koma mukupirira bwanji, achimwene? Ine tsiku limodzi lokha ndikhoza kukomoka."

"Tiyi, mlongo wanga," anatero. "Tiyi wa m'mawa ndi wa madzulo ndi amene akundisunga. Mlamu wako akuyesetsa."

Ndinagwedeza mutu. Nanga munthu akati tiyi, iwe ungafunsenso chiyani? Nthawi zina ndinkawaimbira foni alamu kuti, "Kunyumbako sakubera m'mapoto?" Iwo ankayankha monyadira kuti, "Ayi, alamu, chiyambireni sanadyepo kanthu. Akungomwa." Ndinkauza aliyense wa m'banja mwathu amene ankadziwa nkhaniyi kuti achimwene ndi mwamuna, ali ndi mtima wa chitsulo.

Anawagoneka m'chipatala kutatsala tsiku limodzi. Sikelo inaonetsa kuti atsikako, koma pang'ono. Anamwino anati ena thupi limachita kukakamira, bola ngati lamulo alisunga. Anatitulutsa ine ndi alamu kuti awafunse mafunso awo, ndipo tinakhala pa benchi m'khonde. Patapita kanthawi tinamva chiseko mu wodi muja, anamwino akuseka, odwala akuseka, ndipo pakati pake ndinazindikira kuseka kwa achimwene, kokweza kuposa onse. Ndinawagunda alamu ndi chigongono. "Mwamva? Abwana ayamba kale kumeta anthu ndi nthabwala." Koma titalowanso tinawapeza ali duu pa bedi, thukuta lili kamukamu pamphumi, maso ali pa zala za kumapazi. Tinawalankhula, mayankho ake ongoti "ee" ndi "ayi". Ine ndinati ndi mantha a mpeni, ndani sangaope?

M'mawa mwake anawaveka chovala chija chomanga kumbuyo. Chachikulu kwambiri chimene chinalipo sichinakumane, ndiye anawafunditsa nsalu ina pamwamba. Powakankha pa kabedi ka matayala anatseka maso, osati chifukwa cha tulo, koma kuti asaone anthu a m'khonde akuwayang'ana. Alamu anawagwira phazi mpaka pa chitseko cha chipinda cha opaleshoni. Atatseka chitsekocho tinabwerera pa benchi yathu. Anatiuza kuti titha kupita kukamwa madzi, ntchito yake ndi yotenga nthawi.

Sitinapite kulikonse, ndipo zinakhala bwino kuti sitinapite. Ndisanatope n'komwe kukhala, chitseko chinatseguka, adokotala aja n'kutuluka, chotchinga pakamwa chili pakhosi. Munthu akatuluka msanga choncho m'chipinda chimenecho, umadziwa kuti sabwera ndi zabwino. Alamu anaimirira msangamsanga.

"Ali moyo, musaope," anatero adokotala. "Akudzuka posachedwa. Koma opaleshoni sitinapange. Tinaboola timabowo tathu, tinalowetsa kamera, n'kupeza chiwindi chili chimodzimodzi, chachikulu, chodzaza mafuta. Ndinayesa kuchitukula, chinayamba kuchucha magazi. Ndikanakakamira tikanawataya. Ndiye tatseka."

"Mwatseka osadula kanthu?" ndinafunsa.

"Osadula kanthu. Mayi," anatembenukira kwa alamu, "ndiuzeni zoona, sindikukuimbani mlandu. Masabata amenewa bambowa amadya chiyani?"

"Palibe, adokotala. Ndikulumbira. Msuzi, mkaka, madzi, tiyi. Chakudya sanakhudze."

"Tiyi wake wotani?"

"Tiyi basi. Wa mkaka, wa shuga wokwanira kuti apeze mphamvu."

"Shuga," anatero adokotala motsitsa. "Chabwino. Tiyi yekha?"

Alamu anawayang'ana modabwa, ngati afunsidwa ngati nsapato imavalidwa ndi phazi.

"Tiyi ndi chomwera chake, adokotala."

Adokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Chomwera chake chiyani, mayi?"

"Buledi. Koma sindimawapatsa wouma, ayi. Ndimachotsa makoko onse, n'kumunyika m'kapu mpaka asungunuke, amachita kumwa ndi supuni. Poti china chilichonse anasiya, ndinkaonetsetsa kuti m'mawa lofu yathunthu, madzulo inanso. Nanga munthu wamkulu choncho aime tsiku lonse ndi madzi?"

Abale, ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo aliyense amadziwa. Ndinaiwala kuti tili m'chipatala. Ndinawafunsa alamu ngati mutu wawo umagwira ntchito kapena amangousenzera duku. Ndinawafunsa kuti buledi anayamba liti kutuluka pa mpopi. Ndinati munthu wavutika masabata onsewa, wakana mtedza, wacheka khutu la Aphunzitsi, wamwera msuzi kuseri ngati wakuba, inu kunyumba mukumupakira malofu! Ndinanenanso zija amanena abale athu, zoti adzamupha ndi chakudya. Anthu a pa mabenchi ena anasiya nkhani zawo n'kumationera.

Alamu sanakweze mawu. Anangoti, "Koma alamu, tiyi timamwa. Ndani anayamba wanenapo kuti ndadya tiyi? Inuyo mukati mwamwa tiyi m'mawa, mumatanthauza madzi okha?"

Zinali zoona. Ine ndemwe m'mawa umenewo ndinali nditamwa tiyi ndi mabanzi awiri, ndipo wina akanandifunsa ngati ndadya ndikanati ayi, ndangomwa tiyi. Koma mkwiyo sufuna kumva zoona, ndiye ndinangotembenuka n'kuwapatsa msana.

Adokotala sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. Anati mwina iwonso sanafotokoze mokwanira. Anati mabala akapola, pakapita miyezi, akhoza kuyesanso, koma ayambirenso pamzere ndipo lamulo lija aliyambirenso pachiyambi, nthawi ino wina wa m'banja alipo pomva malangizo. Za maondo anati sangalonjeze kuti adikira. Atatero anabwerera mkati.

Anandilola kulowa achimwene atawabweza ku wodi. Alamu anakana kulowa, anatsala pa benchi. Ndinawapeza atagona chagada, mimba ili pomwe inali, pamwamba pake timapulasitala toyera apa ndi apo. Maso anali otsegula. Ndinkayembekeza funso limene aliyense amafunsa akadzuka, loti "zatheka?", ndipo ndinali nditakonza kale mayankhidwe ake. Koma iwo sanafunse. Ankangoyang'ana kudenga.

"Achimwene," ndinatero, "sanadule."

"Ndikudziwa."

"Akuuzani kale?"

"Ayi."

Ndinakoka mpando n'kukhala. "Ndi buledi uja. Akazi anu aja, kaya nzeru anazisiya kuti, akuti tiyi ndi…"

"Usamunene mlamu wako." Mawu awo anali okhakhala chifukwa cha chipaipi chimene anawalowetsa kukhosi. "Iye sankadziwa. Inenso sindinkadziwa, mpaka dzulo."

"Dzulo?"

Anameza malovu movutikira. Ndinawanyowetsa milomo ndi kathonje, n'kudikira.

"Atakutulutsani paja, anamwino aja anandiyamikira. Anati inu bambo mukuoneka munthu woona mtima, ena amatinamiza. Ndiye anayamba kusimba za munthu wina wa chaka chatha, amene ankanyika buledi mu tiyi n'kumati ndi chakumwa. Ankachita kumuyerekeza, mmene ankagwirira supuni, mmene ankalumbirira. Wodi yonse inafa nacho chiseko. Bambo wa pa bedi iyo anachita kugwira bala lake. Wina anati koma anthu ena ndi mbuli, safunsa anadya phula."

"Ndiye inu?"

"Ndinaseka nawo."

Ndinakumbukira chiseko chija cha m'khonde, chokweza kuposa onse.

"Atatha kuseka, anamwino anatenga cholembera n'kundifunsa kuti, nanga inu bambo, palibe chimene munalawako? Onse akundiyang'ana, misozi ya chiseko ikadali m'maso. Ndinati palibe."

"Achimwene! Mukanangowaitanira pambali! Mukanandiuza ine! Akanangosintha tsiku, osakubayani n'komwe. Mukudziwa kuti chiwindi chinayamba kutaya magazi? Mukanafera pa tebulo paja!"

"Ndinkadziwa kuti zikhoza kutero. Adokotala ananena kale tsiku lija."

"Ndiye munagonerapo bwanji?"

Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana koyamba chilowereni changa. Misozi inatsikira m'makutu.

"Ndasekedwa mokwanira, mlongo wanga. Ndinaona kuti bola mpeni. Pa mpeni umakhala uli mtulo."

Ine wa pakamwa ine, amene sindisowa choyankha ngakhale kwa apolisi, ndinangosendeza mpando kufupi ndi bedi. Ndinawagwira dzanja lija lometa, lofewa, lonunkhirabe sipiriti ngakhale analisambitsa. Bambo wa pa bedi ina uja anali atatembenukira kukhoma, kaya anali mtulo kaya ankangonamizira. Wokankha kangolo ka mankhwala anadutsa, tayala limodzi likulira.

"Shopu nditsegula liti?" anafunsa patapita nthawi. "Anthu adzati bwanji akadzaona ndabwera chimodzimodzi?"

"Adzati zilonda za m'mimba sizichepetsa munthu. Si mmene munawauzira?"

Anayesa kumwetulira koma mabala anawakoka. "Pita ukamutenge mlamu wako. Wamukalipira eti?"

"Pang'ono."

"Iwe ulibe pang'ono. Pita."

Ndinatuluka. M'khonde anthu aja anali atasinthana, kunabwera ena osadziwa kanthu, ndipo ndinathokoza. Alamu anali pamalo pomwe paja, kumapeto kwa benchi, atawerama. Pamiyendo pawo panali jumbo ya pulasitiki imene anaitulutsa m'chikwama, ataigwira ndi manja awiri. Ndinakhala pambali pawo. Kupepesa sindimakutha bwino, ndiye ndinangoti, "Akukuitanani. Akuti inu mulibe mlandu."

Sanadzuke. Anatsegula jumbo ija pang'ono kuti ndione. Munali malaya atsopano a mizeremizere, akadali opinda ndi timapini take, kolala ili chilili. Anali malaya a munthu wa thupi wamba, oti achimwene ngakhale mkono wokha sukanalowa.

"Ndinawagulira dzana," anatero. "Ndimati ndikawaonetse akangodzuka, adziwe kumene tikupita." Anasalaza pulasitiki ija ndi chala chosupuka, n'kundiyang'ana, maso ali psuu. "Alamu, kodi m'sitolo muja amalola kubweza?"